Monita ikakana kuonetsa: zoti muyang'ane musanagule ina

Monita ikada, ambiri amafulumira kunena kuti yapsa n'kuyamba kufunsa mitengo ku Lilongwe. Kawirikawiri galasilo limakhala labwinobwino. Chimene chalakwa chimakhala chingwe, adaputa yogulidwa mozondoka, pulagi yogwedera m'soketi, kapena kompyuta yeniyeniyo. Pofufuza muzisintha chinthu chimodzi basi, muone ngati pasintha kanthu, kenako musinthe china. Mukasintha chingwe, soketi ndi monita nthawi imodzi mwina ziyaka, koma simudziwa chimene chinali chowonongeka, ndipo mutaya katundu wamoyo.

Dziwani kaye mabowo amene muli nawo

Tembenuzani monita ndi bokosi la kompyuta muone kumbuyo. Ngati mukutuma munthu kuti akakugulireni chingwe pa boma pa Dedza, pa Ntcheu kapena ku tauni, jambulani mabowo a mbali zonse ziwiri pa foni mumutumizire. Kungomuuza kuti “chingwe cha monita” n'kumupatsa ntchito yolosera.

Bowo labuluu lokhala ndi timabowo 15 m'mizere itatu ndi VGA. Ndi lakale, kampani ya IBM inalitulutsa mu 1987, koma makompyuta ambiri a kaunjika amene ali m'masukulu, m'maofesi ndi m'mashopu osindikiza makalata akudalirabe lomweli. Limadutsitsa chithunzi chokha, mawu ayi. Ndi la analogi, choncho chingwe chikakhala chopyapyala, chachitali kwambiri kapena chogwedera, chithunzi sichithimiratu koma chimanyansa: zilembo zimakhala ndi mthunzi, mizere imayenda pagalasi.

Loyera, lalikulupo, la timabowo ta makona anayi, ndi DVI. Kumapeto kwake kuli kampata kamodzi kopingasa. Kampatako kakazunguliridwa ndi timabowo tinayi, imeneyo ndi DVI-I, ndipo kaadaputa kotchipa kopita ku VGA kagwira ntchito. Timabowo tinayito tikasowa, ndi DVI-D, yomwe situlutsa analogi n'komwe.

HDMI mumaidziwa kale pa TV ndi pa dikoda. Imanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. Imene imapusitsa anthu ndi DisplayPort, chifukwa poiona mwachangu imafanana ndi HDMI. Yang'anani makona: HDMI ndi yodulidwa makona awiri a m'munsi, DisplayPort kona imodzi yokha. Makompyuta ambiri a m'maofesi a Dell, HP ndi Lenovo ali ndi DisplayPort ndi VGA, alibe HDMI, ndiye musakakamize chingwe cha TV kuti chilowe. Komanso mitu yambiri ya DisplayPort ili ndi timano togwira. Pozula kanikizani kabatani ka pamutupo, apo ayi muzula ndi bowo lomwe.

Pa malaputopu atsopano pali USB-C. Si bowo lililonse la USB-C limene limatulutsa chithunzi. Ena ndi a mafulashi ndi kutchajira basi. Limene limatulutsa nthawi zambiri limakhala ndi kachizindikiro ka D kapena ka mphezi pambali pake. Chingwe chotchajira foni nachonso kawirikawiri sichinyamula chithunzi ngakhale chikulowa bwinobwino.

Ngati mbali zonse ziwiri zili ndi mabowo angapo ofanana, sankhani DisplayPort, HDMI kapena DVI. VGA ikhale yomalizira.

Adaputa ili ndi kolowera ndi kotulukira

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Mabowo akasiyana, munthu amagula adaputa yolembedwa HDMI ndi VGA, n'kuganiza kuti igwira uku ndi uku. Ayi. M'kati mwake muli kachipangizo kamene kamasandutsa uthenga kupita mbali imodzi yokha, ngati chigayo: mumathira chimanga n'kutuluka ufa, simungathire ufa kuti mutulutse chimanga.

Dzifunseni kuti chithunzi chikuchokera kuti, chikupita kuti. Laputopu ya HDMI ikupita ku monita kapena pulojekita ya VGA: mufunika yolembedwa “HDMI to VGA”. Imeneyi ndi yosavuta kupeza, imadya magetsi ochokera m'bowo la HDMI lomwelo. Ngati mukufuna mawu, tengani yokhala ndi kabowo ka mahedifoni. Kompyuta yakale ya VGA ikupita ku TV ya HDMI: mufunika “VGA to HDMI”, ndipo yoona imakhala ndi kachingwe ka USB kopatsira magetsi ndi kachingwe ka mawu. Chingwe chopanda kabokosi kalikonse, cha mutu wa VGA mbali ina ndi wa HDMI mbali inayo, chisiyeni pa shelefu pomwepo.

DisplayPort kupita ku HDMI imagwira ndi kaadaputa kotchipa ngati DisplayPort ili kumbali ya kompyuta. Mukatembenuza, kompyuta ya HDMI kupita ku monita ya DisplayPort, kaadaputa komweko sikagwira. Zimene zimamvana mbali zonse ndi HDMI ndi DVI, chifukwa uthenga wa chithunzi ndi umodzimodzi, kungoti musayembekezere mawu.

Musalumikize maadaputa awiri kapena atatu motsatizana. Malo alionse olumikizira ndi malo a vuto.

Palinso tibokosi tiwiri timene anthu amatisokoneza. “Splitter” imatenga chithunzi chimodzi n'kuchigawa pa ma TV awiri kapena anayi, onse akuonetsa zofanana; ndi yabwino ku tchalitchi kapena malo oonetsera mpira. “Switch” imatenga zida zingapo, monga dikoda ndi kompyuta, kuti zizisinthana TV imodzi. Palibe mwa tiwiriti kamene kangakupatseni mamonita awiri oonetsa zinthu zosiyana. Zimenezo zimafuna mabowo awiri pa kompyuta.

Za utali: chingwe wamba cha HDMI n'chodalirika mpaka mamita 5. Chabwino chimafika 10, koma kupitirira apo chithunzi chimayamba kuphethira kapena kusoweratu. M'holo kapena m'tchalitchi momwe pulojekita ili patali, gwiritsani tibokosi tiwiri todutsitsa HDMI pa chingwe cha netiweki cha Cat6. Tambiri timafika mamita 50.

Monita yada: tsatirani ndondomeko iyi

Choyamba yang'anani kanyali ka pa monita. Ngati sikakuyaka konse, vuto ndi magetsi, zingwe za chithunzi zisiyeni kaye. Yesani soketiyo ndi tchaja ya foni. Ikakhala yamoyo, zulani chingwe cha magetsi cha monita musinthanitse ndi cha bokosi la kompyuta, poti zambiri n'zofanana, zija za mabowo atatu ngati za ketulo. Monita ikayaka, chingwe chake kapena fyuzi ya m'pulagi ndi imene yapita. Fyuzi ya 5A ikwanira monita. Musaikemo waya kapena kapepala konyezimira m'malo mwa fyuzi. Tsiku lina chimene chidzapse ndi monita, mwinanso nyumba.

Kanyali kakayaka ndipo pagalasi palembedwa “No Signal” kapena “Check Signal Cable”, sangalalani pang'ono: monita imene ikutha kulemba mawu ndi yamoyo. Dinani batani la Input kapena Source musankhe bowo limene mwalowetsa chingwe. Mamonita ena sasankha okha. Kenako zulani chingwe mbali zonse, muuzire fumbi, mubwezeretse, mumange tizomangira ta VGA ndi zala, osati ndi pulayala.

Tsopano onani kumbuyo kwa bokosi. Ngati muli khadi la zithunzi lapadera, mabowo amakhala m'magulu awiri: ena pamwamba pafupi ndi a USB, ena m'munsi atagona chopingasa. Chingwe chipite m'munsimo. Makompyuta ambiri amatseka mabowo apamwamba akangomva kuti muli khadi. Vutoli limabwera kwambiri kompyuta ikasamutsidwa kapena pambuyo pokolopa m'ofesi.

Pa laputopu dinani batani la Windows pamodzi ndi P. Patuluka zosankha zinayi. “Duplicate” imaonetsa zofanana mbali zonse, ndiyo yoyenera pophunzitsa ndi pulojekita. “Extend” imasandutsa monita kukhala malo owonjezera ogwirirapo ntchito. Ngati chithunzi chinalipo n'kuzimirira mwadzidzidzi, dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi. Mumva kaphokoso ndipo galasi liphethira, uku ndi kudzutsanso pulogalamu yoyendetsa zithunzi.

Zikakanabe, yesani chingwe china chimene mukudziwa kuti chikugwira ntchito kwa mnzanu. Kenako yesani monita yanu pa kompyuta ina, kapena kompyuta yanu pa TV. Monita ikaonetsa kwina, ndiye kuti vuto lili m'bokosi, ndipo woganiziridwa woyamba ndi RAM, kabolodi kopyapyala kosungira zimene kompyuta ikugwira pa nthawiyo, makamaka ngati fani ikuzungulira koma kompyuta ikulira “bip bip” kapena kanyali kake kakuphethira mwachikasu. Zulani pulagi ku khoma, kanikizani batani loyatsira kwa masekondi 10, gwirani chitsulo cha bokosi kuti thupi lanu litaye magetsi, tsegulani timano ta m'mbali mwa RAM n'kuitulutsa. Pukutani mbali yagolideyo ndi labala yofufutira pensulo, muchotse zinyenyeswa, muibwezeretse mpaka timano titseke tokha. Zikakhala ziwiri, yesani imodzi imodzi. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala komanso kugwedezeka pa minibasi n'zimene zimayambitsa zimenezi.

Pali mdima wina wosiyana. Kanyali kakuoneka kuti zonse zili bwino, mawu a “No Signal” palibe, koma galasi ndi lakuda. Yatsani tochi ya foni muunikire galasilo chapafupi, mopendeketsa. Mukaona zithunzi mwachizimezime, ndiye kuti nyali zowalitsa kumbuyo kwa galasi kapena bolodi yake yafa. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri.

Mawu akuti “Out of Range” kapena “Input Not Supported” amatanthauza kuti kompyuta ikutumiza chithunzi chachikulu kapena chothamanga kuposa mphamvu ya monitayo. Zimachitika mukachotsa monita yaikulu n'kuika yaing'ono. Njira yachidule ndi kubwezera yaikuluyo, kutsitsa rezolushoni (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), kuika liwiro pa 60Hz, kenako n'kusintha. Ngati palibe, pa Windows 7 dinani F8 poyatsa musankhe “Enable low-resolution video”. Pa Windows 10 ndi 11 zimitsani kompyuta ndi batani ikangoyamba kuonetsa chizindikiro cha Windows, katatu motsatizana. Ikatsegula malo okonzera, pitani pa Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, n'kudina 3.

Chithunzi chilipo koma sichili bwino

Galasi lonse likasanduka lachikasu, lapinki kapena lobiriwira motuwa, pa VGA yankho limakhala pa mapini atatu oyambirira a mzere wapamwamba. Yoyamba imanyamula mtundu wofiira, yachiwiri wobiriwira, yachitatu wabuluu. Wabuluu ukasowa galasi limakhala lachikasu; wobiriwira ukasowa limakhala lapinki; wofiira ukasowa limatsala labuluu mobiriwira. Yang'anani m'mutu mwa chingwe. Pini yopindika mutha kuiwongola pang'onopang'ono ndi kachubu ka bolopeni yotha inki, koma ikathyoka gulani chingwe china. Mukaona kuti pa mzere wapakati pakusowa pini imodzi musadandaule, zingwe zambiri zimapangidwa choncho.

Zilembo zikamaoneka zosalongosoka kapena anthu pa zithunzi afupika n'kunenepa, rezolushoni si ya monitayo. Monita iliyonse ili ndi yakeyake: 1280x1024 pa zija za makona ofanana za mainchesi 17 ndi 19, 1366x768, 1440x900 kapena 1600x900 pa zazitali m'mbali zazing'ono, 1920x1080 pa zambiri za mainchesi 22 mpaka 24. Pitani pa Settings, System, Display musankhe yolembedwa “Recommended”. Ngati zilembo zachepa, kwezani “Scale” pa 125% kapena 150%, rezolushoni isakhudzidwe. Pa VGA malizani ndi kudina batani la Auto pa monita kuti chithunzi chikhale pakati.

Mukamagwiritsa TV ngati monita, m'mphepete mwa chithunzi mumatha kudulidwa. Konzani pa TV, osati pa kompyuta: pa LG sankhani “Just Scan”, pa Samsung “Screen Fit” kapena “Fit to Screen”. Ndipo mawu akasowa mutangolumikiza HDMI, Windows yawatumiza ku monita yopanda masipika. Dinani kasipika ka pakona musankhe masipika anu.

Monita yovuta kudzuka m'mawa

Dedza ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,600, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi, monganso ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano, kumaulula matenda ena amene kumalo otentha amabisala. Monita imene m'mawa imaphethira kanyali kwa mphindi zingapo, kapena kuyaka masekondi awiri n'kuthima, koma masana n'kumagwira bwino, nthawi zambiri ili ndi makapasita, tizipangizo tonga timigolo tosunga magetsi, otopa pa bolodi ya magetsi. Makapasita okalamba amafooka kwambiri akazizidwa. Mmisiri akatsegula amawapeza atatupa pamutu kapena atatuluka dzimbiri. Kusintha kwake n'kotchipa kuyerekeza ndi monita ina. Atsopanowo akhale a ma µF (muyeso wolembedwa pa kapasitapo) ofanana ndi akalewo, mavoti ofanana kapena okwererapo, olembedwa 105°C, ndipo asinthidwe onse a gulu limenelo, osati otupa okhawo. Musatsegule nokha ngati simunaphunzire: kapasita wamkulu wa m'menemo amasunga mavoti opitirira 300 ngakhale mutazula pulagi.

Nkhungu ndi chinyezi nazo. Monita imene yagona m'galimoto kapena yayenda pa njinga m'mamawa, isiyeni m'nyumba ola limodzi kapena awiri musanayatse, kuti mame a m'kati aume.

Magetsi, mapulagi ndi sola

Magetsi a ESCOM ndi 230V, 50Hz, ndipo soketi zathu ndi za mapini atatu a makona. Katundu wochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mapini atatu akuluakulu ozungulira, wodutsa pa malire a Dedza kapena Biriwiri kuchokera ku Mozambique nthawi zambiri ali ndi mapini awiri ozungulira. Chizolowezi chotsegula soketi ndi kamtengo n'kukankhiramo mapini awiri chimasiya pulagi yogwedera, imathetheka, ndipo monita imaphethira ngati yadwala. Sinthani chingwe chonse, kapena mudule pulagiyo muike yathu: waya wabulawuni ku fyuzi, wabuluu kumanzere, wobiriwira ndi chikasu ku pini yaitali yapamwamba.

Musanalowetse chida chilichonse chochokera kunja werengani kapepala ka kumbuyo. Chikalembedwa 100–240V palibe vuto. Chikalembedwa 110V kapena 120V yokha, chipsa pomwepo. Mabokosi ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo. Kakhale pa 230, osati 115.

Mamonita opyapyala ambiri amadyera pa adaputa yakunja, ndipo siifanana: pali za 12V, za 14V zimene zimapezeka pa Samsung zambiri, ndi za 19V pa LG zambiri. Posintha, mavoti akhale omwewo ndendende, ma ampu ofanana kapena ochulukirapo, kachizindikiro ka + ndi − kagwirizane, mutu ulowe mothina. Tchaja ya laputopu ya 19V pa monita ya 12V imapsereza bolodi ngakhale mutu utalowa bwino.

Magetsi akathima zimitsani pa khoma, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo, chifukwa pobwerapo ndi pamene amadumpha. Ekisitenshoni wamba siteteza chilichonse. Yoteteza imalembedwa “surge protector”, ndipo ngakhale imeneyo siingalimbane ndi mphezi yogwa pafupi. Nyengo ya mvula ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi, chingwe cha netiweki, komanso cha HDMI ngati chikuchokera ku TV kapena dikoda yolumikizidwa ku dishi.

UPS, kabokosi ka batire kopatsa kompyuta magetsi akathima, ya 650VA imanyamula mawati pafupifupi 360, okwanira bokosi limodzi ndi monita. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa zosungira ntchito n'kuzimitsa bwino, osati kugwirira ntchito tsiku lonse. Pulinta ya leza isalowe pa UPS. Batire la m'kati, lomwe nthawi zambiri ndi 12V 7Ah, limatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu ndipo limasinthika palokha.

Kwa a sola, mtundu wa monita ndi nkhani ya maola. Ya LED ya mainchesi 22 imadya mawati 20 mpaka 30. Yachimbuyo ija yakale imafika 80 kapena 100. Batire la asidi la 12V 100Ah lili ndi 1,200Wh, koma muyenera kugwiritsa theka lokha kuti likhalitse, ndipo inveta imadyako, motero mumatsala ndi pafupifupi 500Wh. Bokosi la mawati 80 ndi monita ya LED zikupatsani maola osakwana asanu. Bokosi lomwelo ndi monita yachimbuyo, maola atatu. Laputopu ya mawati 30 ndi monita ya LED, pafupifupi maola 9. Inveta yolembedwa “pure sine wave” ndiyo yabwino. Zotchipa zija zimaliritsa maadaputa n'kuwatenthetsa, ndipo pa VGA zimayendetsa mizere pagalasi.

Pogula ya kaunjika

Musalipire isanayatsidwe pamaso panu, ndi kompyuta, osati kungoonetsa dzina la kampani. Tsegulani chithunzi choyera pagalasi lonse, kenako chakuda, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu. Kadontho kamodzi kakufa mungapirire nako ngati mtengo watsika. Mzere woima kuchokera pamwamba mpaka pansi, banga ngati la inki, kapena mbali imodzi yakuda, zimenezo sizikonzeka pa mtengo wanzeru. Yesani bowo lililonse ndi batani lililonse, isiyeni ikuyaka mphindi 15, muizimitse n'kuiyatsanso. Mwendo ndi adaputa zikhalepo, poti kuzipeza pazokha n'kovuta. Ngati mwendo palibe, onani ngati kumbuyo kuli mabowo anayi otalikirana masentimita 7.5 kapena 10. Amenewo amalola kuipachika pa khoma ndi masikuluwu a M4, a utali wa mamilimita 10 pa zambiri. Ataliatali amaboola bolodi.

Pa minibasi kapena pa kabaza inyamulidwe choimirira, galasi litaphimbidwa ndi katoni ndi bulangete, osati chogona pansi pa matumba a mbatata. Popukuta gwiritsani kansalu kofewa konyowa pang'ono ndi madzi oyera, monita itazimitsidwa. Sipiliti, sopo ndi mankhwala a mawindo zimasupula khungu la galasi, ndipo madzi othiridwa mwachindunji amatsikira m'munsi momwe muli timawaya ta mizere.

Kiyibodi, mausi ndi tizida ta USB

Kiyibodi ndi mausi za mitu yozungulira, yapepo ya kiyibodi ndi yobiriwira ya mausi, zilowetsedwe kompyuta ili yozimitsa. Mukalowetsa ikuyaka sizidziwika mpaka muiyatsenso. Mausi yopanda chingwe ikamadumphadumpha batire lili labwino, chotsani kolandirira kake pafupi ndi fulashi kapena hadi disiki ya pa bowo labuluu la USB 3.0, chifukwa zimasokonezana. Hadi disiki yakunja imene ikulira “tiki tiki” osatseguka kawirikawiri ikuperewera magetsi: ichotseni pa habu (kabokosi kochulukitsa mabowo a USB) kapena pa mabowo akutsogolo, muilowetse kumbuyo kwa bokosi ndi chingwe chachifupi. Chingwe cha pulinta cha USB chisapitirire mamita 5.

Mukadina @ n'kutuluka ", kiyibodi siinawonongeke. Windows yaikidwa pa kalembedwe ka UK pomwe kiyibodi ndi ya US, kapena mosemphanitsa. Dinani Windows ndi Space musinthe. Ndipo olemba makalata mu Word amene amafuna ŵ wa m'dzina la Malaŵi, lembani 0175 kenako dinani Alt ndi X. Wamkulu wake ndi 0174. Ngati kumbuyo kwa manambalawo kuli chilembo monga a, chimene Word ingachiwerenge pamodzi nawo, yambani mwawasankha manambala anayiwo ndi mausi musanadine.